Kapumidwe ka a Telala

Lolemba, 9 Juni

Sabata yachitatu tili ndi tabuleti ija, kakompyuta kam'manja, mu wodi. Ukalowetsa kutentha kwa thupi, BP, kugunda kwa mtima ndi kapumidwe, yokha imaonkhetsa n'kuonetsa mtundu. Wobiriwira, wodwala ali bwino. Wachikasu, muyang'anitsitse. Wofiira, itana dokotala. Anzanga aitcha "apongozi" poti sichedwa kudandaula. Amene anamusankha kuti aziphunzitsa manesi ena kagwiritsidwe kake ndine. Odwala 34, manesi awiri. Miyendo ngati si yanga.

Lachiwiri, 10 Juni

Pa bedi 6 pali bambo osoka zovala, tikungowatcha a Telala. Anawachita opaleshoni ya m'mimba Loweruka. Nthabwala zokhazokha. Akuti amene anasoka yunifolomu yanga ndinamulakwira chinachake. Wobiriwira.

Lachitatu, 11 Juni

Lero ndalakwa, ndipo ndilemba momwe zinakhalira.

Kuti udziwe kapumidwe umafunika kuima mphindi yathunthu ukuyang'ana chifuwa cha wodwala. M'mawa cha m'ma 8 pa bedi 6 sindinaime. Ndinangolemba 18, monga timachitira tikapanikizika. Wobiriwira.

Cha m'ma 11 akazi awo anandigwira mkono pakhonde. "Anesi, bambowa si iwo lero. Chidzukireni sanaseke ndi munthu." Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti makina akuti ali bwino. Mawuwo anafika pakamwa penipeni. Ndinawameza, ndinabwerera, n'kutulutsa wotchi. 29. Ndinabwereza. 30.

Nditalowetsa nambala yoonayo apongozi anakuwa. Wofiira! A dokotala anabwera chothamanga. Akuti bala lachita mafinya m'kati, matenda ayamba kulowa m'magazi. Diripi, mankhwala, 2 koloko anali atawabwezera ku opaleshoni.

Maola atatu. Ndawabera maola atatu.

Lachinayi, 12 Juni

Ali kuchipinda cha odwala mwakayakaya. Sanatsitsimuke.

Masana m'malo mokadya ndinapita kwa mayi wa makompyuta, ndinamupempha anditulutsire manambala onse a kapumidwe a mu wodi mwathu chibwerereni tabuleti. Anayang'ana pepalalo n'kuti, "Kodi odwala anu amapuma mopangana?" Pa manambala khumi alionse, asanu ndi atatu ndi 18 kapena 20. Ndiye kuti si ine ndekha. Koma zimenezo sizikundipeputsira kanthu.

Mnzanga wa pa shifiti akuti ndisoke pakamwa. "Iwe, wawapulumutsa ndiwe. Ukufuna kudziwotcha wekha?" Kunyumba bambo a ana nawonso: "Akakuchotsa ntchito tizidya tabuletiyo?"

Mawa ndinena basi.

Lachisanu, 13 Juni

Msonkhano wa m'mawa. Ndinaimirira. Ndinayamba ndi ine mwini, osati wina: 18 wa pa bedi 6 uja ndinalemba ndine, osawerenga. Kenako ndinayendetsa pepala lija.

A metironi, akulu a manesi, anavula magalasi. "Ukudziwa kuti izi zilowa m'fayilo yako?" Ndinati ndikudziwa. "Ndiye ukufuna chiyani?"

Ndinati tabuleti isamalandire nambala ya kapumidwe mpaka kawotchi kake katayenda masekondi 60. Komanso pakhale pokanikiza wachibale akanena kuti wodwala wasintha, mtundu uzikwera pompo. Wina kumbuyo anang'ung'udza kuti mphindi 34 zimenezo tizitenga kuti. Funso lake ndi loona, sindinamuipire. Ndinati tizichotse ku buku lija timakoperamo zinthu zomwe zili kale mu tabuleti.

Kalata yondichenjeza yabwera 3 koloko. Ndasaina.

Loweruka, 14 Juni

Ofu. Ndakolopa nyumba kawiri. Foni sinachoke m'thumba, kudikira kumva za a Telala.

Lolemba, 16 Juni

Ndinapeza mayi wa makompyuta ali kale mu wodi, akuti a metironi alola tiyese milungu iwiri. Buku lokoperamo alitsekera m'kabati. Kuyendera odwala kwatitengera nthawi yaitali, anthu akundiyang'ana ndi diso la nkhwezule. Koma achikasu tapeza awiri, pa bedi 11 ndi 20, onse a dokotala awaona isanakwane 9.

A Telala atsegula maso dzulo. Chubu chopumira awachotsa.

Nditaweruka ndinapita kumeneko. Akazi awo anali pa benchi panja, atafumbata kachikwama. Ndinagwada pambali pawo n'kuwauza zonse, za 18 uja, za maola atatu aja. Sindinakongoletse.

Anayang'ana chitseko.

"Ndinakuonani tsiku lija," anatero. "Munangodutsa."

Ndinati eya, mayi, ndinangodutsa.

Anachotsa kachikwama kaja pamiyendo, anasendera kumapeto kwa benchi. "Dzukani pansipo, mwana wanga. Khalani apa. Akatitsegulira tilowe limodzi, mukawauze nokha."