Nachisale wapulumuka mpeni

Achemwali anga okondedwa,

Ndiye mpeni unali utanoledwa kale, madzi akuwira! Aa pepani, ndayamba ndi pakati. Muli bwanji ku Joniko? Ife kuno ku Midzemba tili bwino, chifuwa cha amayi chinatha.

Loweruka kunabwera apongozi anga a ku Lisungwi, ndipo mlendo wotere sadyera masamba. Chitopa chinatisiyira nkhuku imodzi yokha, Nachisale, thadzi limene Tadala amalibereka kumbuyo ngati mwana. Mlamu wanu anati, "Bambo a Tadala, gwirani nkhukuyo." Kulira kwa mwanayo kunamveka mpaka ku Boma.

M'mawa umenewo mlamu wanu anali atazira khonde ndi dothi lakuda, loyera la m'mbali lili m'beseni. Pondithawa ine, munthu wa liwiro Neno yonse, Nachisale anagwera m'besenimo n'kuthamanga khonde lonse lisanaume. Mapazi ake anasiya timaluwa toyera mbee!

Apongozi anafunsa, "Kodi maluwawa wajambula ndani?"

Ndinati, "Mmisiri wake ndi yemweyu mukufuna kumudyayu, amayi."

Anaseka mpaka misozi. "Mmisiri saphedwa. Ndikazingireni mazira ake basi."

Pano anthu akubwera pa minibasi kuchokera ku Blantyre kudzaona khonde langa. Chabwino, za minibasizo ndawonjezera, amene anabwera ndi aneba awiri okha.

Mutitumizire penti wobiriwira wa chitseko. Mulungu akusungeni, koma mukadzabwera musayembekezere nkhuku. Mudzadya mazira ngati apongozi.

Ndine mchimwene wanu,
Bambo a Tadala