Malikisi 41 a Marquell

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi, ndipo bondo lija lasiya kukuvutani. Kuno ku Ohio kwayamba kuzizira, koma tili moyo.

Tsopano dandaulo langa, lomwe ndikulipereka mwaulemu wonse ngati mwana wanu woyamba, mwini madigiri awiri a masamu. Envulopu yanu yafika. Munalibe moni, munalibe ngakhale dzina langa, koma kapepala kong'amba m'nyuzipepala, malikisi a mlongo wanga Marquell pa mpira wachimereka wogwetsana uja, 41 pa 100, mutawazunguliza ndi cholembera chofiira. Sitampa yonse kuonongera nambala! Ndamvanso kuti munamuuza pa foni kuti mpira wamukana, abwerere kwathu ku Greenwood adzayendetse galimoto ya matabwa. Mwana wanuyo wayamba kulongedza.

Kampani yopereka malikisiyo sindikuinyoza. Anthu ake amaonera kanema wa masewero, wosewera aliyense payekha, kubwereza mpaka maso kufiira. Khama lawo limandigometsa. Koma ali ndi maso okha, makutu alibe. Zomwe osewera amapangana akagundanitsa mitu sazidziwa.

Lolemba mphunzitsi wa Marquell ndi anzake, omwe ntchito yawo ndi kutchinga adani kuti asagwetse woponya mpira wa timu yawo, anandilola kuonera nawo kanemayo. Pamalo atatu pomwe anamuchotsera malikisi, Marquell akuoneka akusiya mdani kudutsa ngati akumutsegulira chitseko cha tchalitchi, woponya mpira n'kugwetsedwa. Mphunzitsi anaseka, nati nditchere khutu. Woponya mpira akakuwa kuti Magnolia, lamulo ndi loti Marquell asiyire mdani wakeyo mnzake wochokera kumbali, iye athamangire mdani wina kutsogolo. Katatu konse Marquell anapita koyenera. Mnzakeyo, wobwera kumene m'timu, ndiye ankachedwa.

Bambo, ndinaona mwana amene ndinkamupukuta mamina, lero thupi ngati firiji, akutembenuka pa chala chimodzi n'kunyamula chimunthu china ngati thumba la thonje. Nditamufunsa tikudya chifukwa chake sanadziteteze kwa atolankhani, anati mnzakeyo akangotchulidwa amuchotsa m'timu, ndiye bola 41 yo aisenze yekha, poti msana anapatsidwa waukulu. Anawonjeza kuti ndisiye kulongolola ngati loya, ndimupatsire nkhuku.

Za m'nyuzipepala alibe nazo ntchito. Chamuthyola ndi mawu anu.

Pempho langa ndi limodzi: muimbireni Lamlungu lisanafike, mumuuze atulutse zovala m'chikwama.

Moni kwa Amayi, kwa azakhali a Verlene, ndi kwa amalume a Otis, amene ndikudziwa bwino kuti ndiwo anakubweretserani nyuzipepalayo.

Za chipukuta misozi: pa 100 munavomera kuti amuchotsere 59. Ndikufuna milamba yokazinga 59, yowedza inu nomwe, muibweretse pamanja kubwalo la mpira Lamlungu mutavala jezi ya nambala yake. Ukasowa umodzi, Bambo, nanunso ndikupatsani 41.

Ndine mwana wanu wokwiya mwaulemu,
Loretha