Mfundo ya Abambo pa Waya wa Asilikali

Golomoti,
14 Okutobala 2009

Okondedwa achemwali Sabina,

Ndikhulupirira inu ndi alamu muli bwino ku Mzuzuko. Ine ndilipo, koma ndiyambe ndi yowawayo: tepi yondikweza pa udindo wa ukopolo ndinkakuuzani ija sindilandira chaka chino.

Gulu lathu lili kwathu konkuno pa maphunziro a nkhondo, ine mbali yanga ndi ya wailesi. Wailesiyo ndi mlongoti wake timaziika paphiri, chifukwa mdani amatha kulondola kumene mawu akuchokera n'kuponyako bomba. Akuluakulu amakhala kutali m'tenti ndi kabokosi kotchedwa rimoti. Ziwirizi timazilumikiza ndi waya woyala pansi, makilomita atatu. Abwana akadina n'kulankhula pakabokosipo, mawu amayenda m'wayamo, wailesi ya kuphiri n'kuwaulutsa. Waya ukaduka, abwana amangodzilankhulira okha.

Ndiye wayawo ndinaudutsitsa m'mphepete mwa munda wa abambo. Njira ina inalipo, ndisaname. Ndinkafuna andione. Mukudziwa inu kuti chisiyireni khasu n'kulowa usilikali, zaka zinayi tsopano, sanandiyankhepo ngakhale moni.

Lachiwiri la sabata yatha m'mawa kabokosi kanangoti zii. Ndinaulondola wayawo kawiri konse, dzuwa likundiwamba, poduka osaoneka. Kachitatu ndinkachita kuugwira ndi manja, ndipo nditafika m'munda mwathu ndinapeza mfundo. Achemwali, yomwe ija abambo amamangira ng'ombe kungolo! Anaudula ndi khasu pososa, n'kuumanga bwinobwino ngati chingwe, osadziwa kuti umafunika kusenda pulasitiki kuti mkuwa ukhudzane.

Iwo anali chiimire poteropo, khasu lili paphewa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndamanga zolimba, Robert. Sizimasukanso."

Ndinafuna kuseka, koma ndinadzigwira. Ndinawayamika, n'kuwapempha andigwirire nsonga ziwirizo. Anagwira, ine ndikusenda ndi kulumikiza, iwo akundifunsa ngati amatidyetsa mokwanira.

Kutenti ndinakapeza asajeni Daudi atalusa, poti abwana anakhala maola asanu opanda wailesi. Anati ngati wadula ndi munthu wamba ndimutchule, akamutenge pagalimoto adzafotokoze yekha. Ndinaganiza za abambo akukwezedwa galimoto ya asilikali mudzi wonse ukuona. Ndinayankha kuti ndine ndinalumikiza molakwika poyala. Dzina langa analichotsa pamndandanda wa okwezedwa udindo tsiku lomwelo.

Zikundiwawa, sindibisa, tepiyo ndinaivutikira. Ndikudziwanso kuti wayawo sukanaduka ndikanadzera njira ina ija. Pempho langa ndi limodzi: mukabwera pa Khirisimasi musadzawauze abambo zimenezi. Iwo akudziwa kuti anandithandiza, ndipo auza kale anzawo ku Mua kutchalitchi. Mfundoyo ndinaidula, ndikuisunga m'thumba la yunifolomu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Abambonso akuti moni. Ulendo uno sindinamve kudzera kwa amayi ayi, andituma okha ndi pakamwa pawo.

Ndine mlongo wanu,
Robert Kaliati