Khutu Lija Unadya Lapezeka

Karaikudi

Wokondedwa mlongo wanga Ilango,

Ndikhulupirira uli bwino ku Singapore kumeneko, pamodzi ndi mlamu wanga Selvi ndi ana. Bondo lija linasiya kuvuta? Ife kuno tili bwino, kupatula alamu ako a Murugesan amene shuga akuwasautsabe chifukwa samva.

Khala pansi kaye. Mwamuna uja wapezeka!

Ndikunena chidole cha amayi chamtengo wofiira, chija agogo anawapatsa pamodzi ndi chachikazi tsiku la ukwati wawo. Chinasowa chaka chimene tinasamuka ku Devakottai, iwe ukadali wamamina.

Lamlungu lapitali mwana wanga Kayal anandikokera ku kanyumba kena kuseri kwa msika, kumene bambo wina wokalamba, a Subbiah, amaonetsa zidole zakale. Ndinkakana, poti ukwati wa mwanayu wayandikira ndipo ntchito ndi yosayamba. Koma nditangolowa ndinasanduka mwana! Sitima zachitini zoyendera kiyi, nguli, timapoto tamkuwa ta masanje, mpaka kanyani koimba ng'oma konga kaja unkalirira pamsika. Alamu ako, amene anatitsatira, anapempha kupukusa kiyi wa sitima, mwiniwake n'kuwauza kuti ana a msinkhu wawo amangoonerera.

Ndiye pakona, m'kabati yagalasi, ndinangoona khutu lodyeka. Ndinakuwa mpaka Kayal anandigwira pakamwa, akuti amayi mutichititsa manyazi.

Ndinawauza a Subbiah kuti mwamunayu ndi wathu, khutulo analidya mlongo wanga akumera mano. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti mayi, kodi alipo mwana m'dziko muno amene sanatafunepo chidole chotere, nanga mtengo wake si mankhwala? Akuti sabata iliyonse kumabwera munthu akulira kuti ichi n'cha agogo ake.

Ine ndinati aliyang'anitsitse khutulo. Mano awiri, pakati mpata waukulu, mpata womwewo uli nawo mpaka lero. Ndinati mkazi wake alipo, ndipo mfiti yomweyo inamuluma phewa.

Apo kuseka kunatha. Anati anachigula kwa wogula zakutha chili chokhachokha, ndipo zimawapweteka kuona mwamuna wopanda mkazi ataima pakati pa mabanja. Sagulitsa, ndisayerekeze n'komwe. Koma mkaziyo akabwera, mano n'kufanana, adzachipereka okha pa ukwati wa Kayal, m'mbale ya nthochi ndi maluwa, ngati bambo woperekeza mwana wake. Ndinalira, Ilango. Ndinalira pamaso pa zidole zonsezo.

Vuto ndi limodzi. Maso awo akutha, ndiye chikondwerero cha Pongal chikangodutsa, katundu yense akupita kwa mwana wawo ku Chennai, amene akuti amagulitsa ngakhale mpando umene wakhalira.

Chachikazicho chili ndi iwe. Unachitenga amayi atamwalira, ndipo sindinakukanize. Lero ndikuchipempha. Ine ndinalowa m'banja ndi zidole za m'sitolo, zonunkha penti. Ndikufuna Kayal alowe m'nyumba mwake ndi banja lenileni la agogo ake.

Usatumize pa positi, ndakana. Bwera nacho wekha, m'thumba la malaya. Zija umati kuntchito sakupatsa tchuthi, kawauze kuti ndiwe malume a mkwatibwi, komanso mano ako akufunika ngati umboni. A Subbiah akuti akufuna aone pakamwa pako.

Ukukumbukira nthawi ya chikondwerero cha Navaratri, amayi akamayala zidole pamasitepe? Mkaziyo ankamuika pamwamba, atamuveka kansalu katsopano, pambali pake n'kusiya malo. Wina akaikapo kanjovu ankamumenya dzanja. Anachita zimenezo chaka ndi chaka mpaka anatisiya, malowo ali chomwecho. Bwera tidzawatseke.

Undiperekere moni kwa Selvi ndi ana, uwauze kuti azakhali awo apenga ndi chimwemwe. Mulungu akusunge, akufikitse kuno bwino, ndipo manowo uwasamale.

Ndine mlongo wako,
Thenmozhi