Ndikudikira Chizindikiro, Petronela Akulongedza Katundu

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka zopitirira makumi atatu, ngakhale mayi anga amati dzina loti mnyamata linandithina kalekale. Kwathu ndi ku Nsanje, koma ndinakulira mu Blantyre momwemuno. Ndinkagwira ntchito pa kampani ina ku Makata, ndiye atayamba kuchepetsa anthu chaka cha referendamu chija, ine ndinali m'gulu loyamba kuuzidwa kuti tikapume. Panopa ndimakonza mawailesi ndi mawotchi pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Zingwangwa. Sindidandaula, ndimadya.

Nkhani yanga ndi ya chikhulupiriro, komanso ndi ya mkazi. Ziwirizi zalukana moti sindikutha kuzimasula.

Ntchito itatha ndinasweka mtima kwambiri. Ndine wa Katolika chibadwire, koma mavutowa ndi amene anandiphunzitsa kugwada. Ndinayamba kupita ku mphakati, ndinalowa kwaya, ndipo nthawi zina ndinkapitanso ku mapemphero a masana m'tauni, komwe amakumana anthu a mipingo yosiyanasiyana. Kumeneko mbale wina analalikira kuti munthu wokhulupirira sasuntha phazi Mulungu asanalankhule. Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinapangana ndi Mulungu kuti sindidzachitanso chinthu chachikulu popanda chizindikiro chochokera kwa Iye.

Ku kwaya kuja ndinadziwana ndi mtsikana wina dzina lake Petronela. Amakhala ku Nancholi kwa bambo ake aang'ono, a Januario. Ndi munthu woseka, wolimbikira, ndipo akafuna kukuuza zoona sayamba ndi kukhosomola. Takhala pachibwenzi kwa nthawi ndithu, moti ku kwaya amayi ena anayamba kale kundifunsa kuti chitenje cha ukwati tisankha mtundu wanji.

Ndiye ndinayamba kufunsa Mulungu. Tsiku lina ndili pasiteji ndinati, Ambuye, ngati Petronela ndi wanga, minibasi yoyamba kufika ikhale yoyera. Inafikadi yoyera. Ndinakondwa mpaka pa Ginnery Corner, koma nditasuzumira pazenera ndinaona kuti maminibasi ambiri mumsewu ndi oyera. Ndinati ichi sichiwerengedwa.

Kenako ndinati, ngati ndi iyeyo, Lamulungu likubwerali avale zobiriwira. Anavaladi zobiriwira. Koma kwaya yonse inavala zobiriwira, ine ndemwe, chifukwa linali tsiku la yunifolomu ndipo ndinali nditaiwala. Ichinso ndinachitaya.

Ndinaganiza zopempha chinthu chimene munthu sangachipange. Ndinati mvula igwe mwezi wa Okutobala usanathe. Aphungu, mvula imene inagwa! Mphepo inasasula pulasitiki amene ndimatchingira pakhonde, madzi analowa m'mawailesi a eni ake, ndipo mayi wina anandilalatira msika wonse ukumva. Tsopano ndinasokonezeka. Kodi uku kunali kuvomera kapena kukalipa?

Pomaliza ndinasala kudya n'kukwera phiri la Soche. Pamwambapo ndinatsinzina, ndinatsegula Malemba, n'kuloza ndi chala. Nditatsegula maso, chala chinali pa mayina okhaokha: wakuti anabala wakuti, wakuti anabala wakuti, tsamba lonse. Sindinatolepo kanthu. Ndinatsika dzuwa lili paliwombo, ndipo kusala kwanga kunathera pa chimanga chootcha cha m'mbali mwa msewu.

Tsopano zinthu zafika pothina. Boma litayamba sukulu yaulere linalemba aphunzitsi ambiri, ndipo Petronela anamutenga nawo. Sabata yatha anabwera pakhonde panga. Akakhala kuti ndamutopetsa amanditchula ngati tili mu tchalitchi.

"Mbale mwa Ambuye," anatero, "ku ofesi andifunsa ngati ndikufuna kukhala muno, kapena teremu ikubwerayi ndipite ku Ngabu kufupi ndi mayi anga. Ndikawayankhe kuti chiyani?"

Ine ndinati, "Tiyeni tiyambe taipempherera nkhaniyi."

Iye anati, "Pempherani inuyo. Ine ndinapemphera kale, ndipo yankho linali loti ndidzakufunseni inu."

Ndinangotenga wotchi ya munthu n'kuyamba kuimasula, pomwe ndinali nditaikonza kale. Iye anati, "Sindikukukakamizani. Koma sindingakhale mu Blantyre chifukwa cha munthu amene akudikira mngelo." Anapita osatsanzika.

M'mawa mwake kunabwera a Januario atanyamula wailesi m'jumbo. Ndinaikamo mabatire, inalira bwinobwino. Ndinati, "Bambo, wailesiyi ili bwino, palibe chokonza." Iwo anati, "Ndikudziwa, mwana wanga. Ndimangofuna ndione ngati mumatha kuzindikira chinthu chabwino chikakhala pamaso panu." Anainyamula n'kumapita, akuimba kamluzu.

Anzanga amandiseka kuti ngakhale pa referendamu ndinakhalitsa m'kachipinda kovotera mpaka a pamzere anayamba kung'ung'udza. Pang'ono akunena zoona. Koma Aphungu, sikuti ndikusewera ndi mwana wa eni. Ndili wamng'ono bambo anga ntchito inawathera, ndipo ndinaona mayi anga akugulitsa mbale zawo za ukwati imodziimodzi kuti tidye. Sanadandaulepo, koma nkhope yawo ndimaikumbukira. Ine ndimagona chipinda chimodzi cha lendi, ntchito yanga ndi ya pakhonde la mwini. Mawa mwini sitolo akati choka, ndidzamuyang'ana bwanji Petronela? Ndikufuna Mulungu anditsimikizire kuti sindidzamuzunza.

Ndithandizeni. Kodi chikhulupiriro changa n'chochepa, n'chifukwa chake sindikumva mawu? Nditani kuti chikule? Nanga ndipemphe chizindikiro chotani chimene sichingasokonekere? Teremu ikutsegulira posachedwa, ndipo ndamva kuti wagula kale chikwama chachikulu ku Limbe.

C.V., Zingwangwa

Achimwene a C.V.,

Kalata yanu ndaiwerenga ndikuseka, ndiye mundikhululukire. Koma nditafika pa mbale za mayi anu ndinasiya kuseka, ndipo tifikapo pamenepo.

Tiyambe ndi mlandu umene mukuwaimba Ambuye, woti sakukuyankhani. Mwapempha minibasi, yabwera. Mwapempha zobiriwira, mwapatsidwa kwaya yonse. Mwapempha mvula, yagwa yoposa imene munaitanitsa. Mwatsegula Malemba mukufunsa za banja, chala chagwera pa anthu obala ana tsamba lonse, inu n'kutsika phiri mukuti simunatolepo kanthu! Achimwene, mukufuna Mulungu akaike uthenga pa wailesi, pakati pa mauthenga a maliro ndi mitengo ya fodya?

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti minibasi ija inatumidwa kumwamba. Inatumidwa ndi mwini wake kukasaka mapasenjala. Ndikungokuonetsani kuti vuto si kusowa kwa chizindikiro. Chilichonse chikabwera mumachipezera chilema, ndipo mngelo atatsika lero pamsika wa Zingwangwa mungamufunse chiphaso. Chimene mukusaka si chifuniro cha Mulungu. Mukufuna Mulungu akulonjezeni kuti simudzavutika. Lonjezo limenelo sanapatsepo munthu, ngakhale oyera mtima amene mumawaimbira ku kwaya. Chimene analonjeza n'choti sadzakusiyani nokha m'mavutomo. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene chikhulupiriro chimakulira.

Mbale wa ku mapemphero a masana uja mwina ankafuna kunena zabwino, koma mwamunyamula molemera. Kodi m'mawa uliwonse mukamatuluka ndi bokosi la zida, Mulungu amakhala atakuuzani kuti lero kubwera makasitomala? Ayi. Mumangopita, mumayala zida, mumadikira, ndipo mwanena nokha kuti mumadya. Ntchito inakutherani, dziko likusintha uku ndi uku, mitengo ikukwera ngati yaona njoka, koma inu simunagone ndi njala mpaka kufa. Munaphunzira ntchito ina ndi manja anu. Ameneyo ndi Mulungu amene mukuti sakulankhula. Chikhulupiriro muli nacho kale, kungoti mumachigwiritsa ntchito pa mawailesi okha.

Pamene munakwera Soche, simunawaone amayi amene amalima timinda m'mbali mwa phirimo? Mvula yoyamba ikangogwa amabzala. Palibe amene wawatsimikizira kuti Febuluwale sikudzachita ng'amba. Amapemphera atawerama, khasu lili m'manja. Ndikadakhala ine ndikadawafunsa iwowo m'malo motsinzina n'kuloza chala.

Tsopano za mayi anu. Mantha anuwo ndi aulemu, chifukwa akuchokera m'chikondi. Mwamuna amene amaopa kuzunza mkazi ndi wabwino kuposa amene saganizako n'komwe. Koma inu munaona mbale zikutuluka m'nyumba, simunaone chimene chinkawalimbitsa mayiwo. Pitani mukawafunse ngati amanong'oneza bondo kuti anakwatiwa ndi bambo anu. Mukawafunsenso kuti ankapemphera chiyani masiku amenewo. Ndikukhulupirira mudzatolapo zambiri kuposa pamwamba pa phiri, ndipo kumeneko mwina adzakupatsaninso tiyi.

Ndiye nazi zoti muchite. Zizindikiro zija zisiyeni lero lomwe. Mulungu si sing'anga woombeza maula, ndipo Malemba si lotale. Awerengeni motsatira, pang'onopang'ono, maso ali otsegula. Pemphero lanu la m'mawa lisinthe. M'malo moti "ndionetseni za kutsogolo," nenani kuti, "Ambuye, ndipatseni nzeru ndi mtima wa lero." Madzulo tchulani zimene wakuchitirani tsikulo, ngakhale zazing'ono ngati kasitomala wobweza moni. Chikhulupiriro chimakula ngati mwana, podya tsiku ndi tsiku, osati pa phwando limodzi.

Kenako pitani ku Nancholi sabata ino, osati ya mawa. Mukakhale pansi ndi Petronela mumuuze zonse zimene mwandiuza ine: chipinda chimodzi, khonde la mwini, mbale za mayi anu. N'zodabwitsa kuti nkhani imeneyi mwaiuza nyuzipepala musanamuuze mwini wake. Mtsikanayo si mwana. Amaima kutsogolo kwa chikhamu cha ana a sukulu yaulere tsiku lililonse, ena atakhala pansi pa mtengo, ndipo sathawa. Mukuganiza kuti chipinda chanucho chingamuopseze? Amachidziwa kale. Mulekeni asankhe yekha ngati akufuna kulowamo. Kumusankhira mwakachetechete pomulola kupita ku Ngabu si kumuteteza, ndi kumulanda mawu.

Mukamvana, pezani munthu wamkulu wa kwanu akhale nkhoswe, akaonane ndi a Januario mwa mwambo wake. Bambo amenewo akukufunirani zabwino. Munthu wodana nanu sayenda kuchokera ku Nancholi atanyamula wailesi yabwinobwino. Kaonaneninso ndi abambo mfumu a parishi yanu, ndipo ku mphakati funani banja limene lakhala limodzi zaka zambiri, likuuzeni mmene linayambira. Ambiri a iwo anayamba ndi mphasa ndi mbaula. Mulungu kawirikawiri amalankhula kudzera mwa anthu oterewa, kungoti alibe mapiko ndiye timawaderera.

Koma ngati mutafufuza mumtima mwanu mwapeza kuti simumukonda mokwanira, muuzeninso zimenezo, apite kwa mayi ake ndi mtima umodzi. Chimene simuyenera kuchita ndi kumuimika pasiteji mpaka kalekale mukuti mukudikira Mulungu. Akuluakulu anati tiyeni tiyeni sachoka, achoka ndi vundumuku.

Chenjezo langa ndi ili. Mwachedwa kale, ndiye mwina mukafika adzakuuzani kuti mtima wake unatsogola ku Ngabu. Zikatero musadzati Mulungu wakana, ndipo musadzasiye kwaya. Mudzalira, mudzaphunzira, ndipo Iye adzakhala nanu pomwepo monga anachitira ntchito itatha. Kudalira Mulungu ndi kupita ngakhale usakudziwa yankho.

Ndipo akakufunsani kuti mwabwereranji lero, musamuuze kuti Mulungu wakulamulani, kapena kuti Aphungu atero mu nyuzipepala. Palibe mkazi amene amafuna kufunsiridwa ngati munthu akulipira msonkho. Muuzeni zoona: mumamukonda, muli ndi mantha, koma mwabwera. Pitani mutameta, malaya atasitidwa, nsapato zitapolishidwa. Chikhulupiriro sichidana ndi sopo.

Aphungu