Msuzi wa Achimwene Anu

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko pamodzi ndi ana. Kuno tilipo. Malesitilanti athu onse akutsegulidwabe, pitsa ndi pasita zamufiriji zikupitabe m'masitolo.

Mukudziwa kuti msuzi wachitaliyana uja suchoka pamoto achimwene anu asanaulawe. Koma masiku ano amalawa n'kuthira mchere, kenaka n'kuthiranso ngati sanathire. Ophika amangoyang'ana pansi, nanga ndani angawadzudzule abwana? Makasitomala akusiya chakudya m'mbale, masitolo akubweza makatoni. Ine ndikumaphika mphika wina mobisa, wawowo n'kukataya kuseri. Koma wangawo sukoma ngati uja, ndipo ndatopa, alamu, ndatopa zedi.

Dzulo anandipeza ndikutaya. Ndinadikira kuti akalipe, mukuwadziwa inu pa nkhani ya msuzi. Anangondimwetulira n'kundifunsa mwaulemu, ine mkazi wawo, kuti, "Kodi mayi, munayamba liti ntchito kuno?"

Tinapita nawo kuchipatala, koma zimene ananena adokotala sindingazilembe pano.

Msuziwu munaphunzira nonse awiri kwa mayi anu, ndiye woudziwa mwatsala ndinu. Chonde bwerani msanga, dzina lanu akadali kulitchula.

Moni kwa ana.

Ndine mlamu wanu.