Rute Tsopano Akukhala ndi Ine

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, ngakhale mwendo wa amayi ukuwawabe.

Lolemba lapitali msuweni wathu Rute anatulukira kuchokera ku Thambani, khanda lili kumbuyo, diso litatupa. Mwamuna wake anamumenyanso. Ataona kuchepa kwa chipinda chomwe ndikuchita lendi kuno kumalire, anati, "Asisi, muno sitikwanamo. Mawa ndibwerera, ndikangopepesa."

Ndinati, "Ukapepesa chiyani? Khala pansi."

Bedi ndawasiyira iye ndi mwana, ine ndagula mphasa. Mayi wina wogulitsa mananchesi anatipatsa mabokosi awiri, lina tikuikamo mbale, lina ndiye tebulo. Katani ya pazenera taimangirira pakati kuti aziyamwitsa momasuka, moti dzuwa likungolowa m'nyumba monse. Dzulo pochokera kuntchito ndinamupeza akukhoma msomali wopachikapo zovala zake, akuimba.

Chonde, wina akamabwera mutitumizireko bulangete, kuno kwayamba kuzizira. Alamuwo, amuna a Rute, akakuimbirani, musawauze kumene Rute ali. Adzanena yekha akadzafuna.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Esinati